Dzanja la Eneresi

Usiku watha ndinalota ndili m'chipinda cha misonkhano ku khonsolo, madzi ali m'mawondo. Khalani pansi, a Dorofe. Inunso mayi a Tiyanjane, siyani kaye nsaluyo, makina sathawa. Sindinakuitanireni zosoka m'mamawa muno. Ikamakwana naini ndikhala ndili ku msonkhano wa makhansala, ndipo lero tikavoteranso za mlatho wa pa Namisu, paja madzi anatengera Eneresi, mng'ono wanu a Dorofe. Sindikufuna kukalowa m'chipinda chija malotowa ndisanawatule, chifukwa muli mawu ena amene muyenera kuwamva kuchokera pakamwa panga.

Malotowo anayamba bwinobwino ngati tsiku lina lililonse. Ndinatuluka nditavala suti yanga yobiriwira ija, imene mumandinena nayo kuti ndimaoneka ngati kabichi. Ndiye ndaima pa siteji kudikira minibasi, koma chimene chinaima chinali tebulo. Tebulo lenileni la miyendo inayi, lalitali lija timakhalapo ku khonsolo. Kondakitala analendewera m'mbali mwake akukuwa.

"Mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu! Kwerani, malo alipo!"

Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ku mfundo yachisanu ndi chinayi mufika?"

Anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Imeneyo ndi ya masana, mayi. Kumeneko sitifikako kawirikawiri."

Sindinadabwe, chifukwa ndi mmene zililidi. Inu simunalowepo m'chipinda chija, ndiye ndikuuzeni. Makhansala tilipo makumi awiri ndi asanu, ndipo kuti voti itheke pamafunika anthu khumi ndi atatu okhala pampando. M'mawa timakhalapo tonse, chifukwa m'mawa ndi mmene timasayinira alawansi. Tikangodya nkhomaliro, anthu amayamba kusungunuka. Nkhani imene yaikidwa m'mawa imakhala ndi moyo. Yoikidwa masana imafa popanda woipha. Mlatho wathu chaka chatha unali mfundo yachisanu ndi chinayi, ndipo lero aubwezeranso pomwepo.

Ndiye ndinakwera patebulopo, n'kuyamba kuyenda, gwede gwede, kudutsa pamsika, kudutsa pachigayo. Mwadzidzidzi tinapezeka pa Namisu, ngakhale njira ya ku khonsolo sidzera kumeneko. Tebulo linaima m'mphepete n'kukana kuwoloka. Mitengo iwiri ya bulugama imene timawolokerapo ija inadzutsa mitu.

"Mwadzuka bwanji, a Khansala?" unatero umodzi, mawu ake onyowa ngati a munthu wa chifuwa.

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Ife tatopa. Anatiuza kuti tidzagwirizire sabata imodzi. Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Mnzangayu wawola m'mimba, sanena chabe."

Winawo unangokhosomola, n'kulavula chiswe.

Ndikuti ndiyankhe, ndinamva china chake chikundikanda kuphazi. Kuyang'ana pansi, patapata wabuluu, wa phazi lakumanzere, chingwe chake chomangidwa ndi kawaya. A Dorofe, mukumudziwa patapata ameneyo. Ndi uja tinamupeza atakodwa pa bango tsiku lachiwiri tikusaka.

"Munditenge," anatero patapatayo. "Ndikufuna ndikamve ndekha."

"Kumeneko salowetsa aliyense."

"Ine si aliyense. Ndinalipo."

Ndiye ndinamutola n'kumuika m'chikwama, pamodzi ndi Baibulo ndi tepi yoyezera.

Mwadzidzidzi ndili pakhomo la chipinda cha misonkhano, nsapato zanga zili zouma. Pepala losayina linali pamalo pake. Nditagwira cholembera, chinapotoloka m'zala zanga n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Mukusayinira tsiku lonse kapena theka?" Ndinachikanikiza mwamphamvu kuti chikhale chete, n'kulemba dzina langa lonse, Lesitina Chimphonda. Inki inatuluka yamatope.

Tinakhala pansi tonse makumi awiri ndi asanu, aliyense ndi botolo lake la madzi. A Meya analowa atavala unyolo wawo waumeya, n'kupempha khansala wina kuti atsegule ndi pemphero. Tinatsinzina. Pempherolo linali lalitali, lopempha nzeru, chilungamo ndi mtima wokonda osauka. Titati ameni n'kutsegula maso, panalibenso munthu.

Pampando waukulu panali nkhukutembo, unyolo uja uli m'khosi, itafufuma mpaka nthenga kukhudza makoma onse awiri. Pambali pake, pamalo pa a Mlembi a khonsolo, panali bilimankhwe wovala magalasi. A injiniya athu anali kamba, mafayilo ataunjikidwa pamsana. Makhansala anzanga ena anali mbuzi, ena abakha. Kumbuyo, kumabenchi a alendo, kunakhala khwangwala mmodzi wa kolala yoyera bwino, chikwama chili pamwendo. Palibe anakuwa kapena kuseka. Nanenso ndinangokonza siketi yanga n'kutsegula mapepala. Chimene chinandiopsa n'chakuti aliyense ndinkamuzindikira bwinobwino, mwina kuposa masiku onse.

"Mfundo yoyamba," inatero nkhukutembo. "Kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, chifukwa kukubwera alendo. Ovomereza?"

Ziboda m'mwamba, mapiko m'mwamba. Bilimankhwe anawerenga ndi diso limodzi, lina likuyang'ana wotchi. Kanyundo kamtengo kanagunda patebulo. Yadutsa.

Yachiwiri inali ya makatani atsopano a m'chipinda chomwecho. Makatani akalewo anadandaula ali pazenera kuti, "Bwana, ife tikadali ndi mphamvu, tangochapidwa kamodzi chibwerereni." Anauzidwa kuti alibe chilolezo choyankhula. Yadutsa. Yachitatu inali yoti makhansala asanu apite kunja akaone mmene mitsinje ya anzathu imayendera. Pamenepo abakha anakangana kwambiri, osati za ulendowo, koma za amene apite. Yadutsa.

Ndiye mbuzi ina yandevu inaimirira, n'kupempha kuyankhula. Inayankhula modekha, ngati pamaliro.

"A Meya, nkhani ya Namisu yatisowetsa mtendere. Chaka ndi chaka anthu akulira mlatho. Koma mlatho umafunika pamtsinje pokha. Ine ndikupempha nyumba ino igwirizane kuti kuyambira lero Namisu si mtsinje. Ndi msewu."

Ziboda zinayamba kugunda patebulo mosangalala. Anafunsa kamba ngati zimenezo zingatheke. Kamba anatulutsa mutu pang'ono, nati akafufuza, n'kuubwezanso. A Meya anati yankho limenelo ndi lokwanira.

Patapata anayamba kuphiriphitha m'chikwama. "Yankhulani," anandinong'oneza. "Inu si ndinu khansala wa kumeneko?"

Ndinatsegula pakamwa, koma munatuluka ulusi woyera. Ndinaukoka, ukutulukabe, ndikuukulunga pachala, ukutulukabe. Pamene ndinkafika kumapeto kwake, voti inali itadutsa kale, ndipo khwangwala uja anali atapatsidwa kontirakiti yojambula mzere woyera pakati pa madzi kuti anthu asamagundane powoloka. Anawerama mwaulemu, n'kuuluka kudzera pazenera ndi chitini cha penti kukamwa.

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka chokha, ndipo Namisu analowa. Sanalowe mwaukali ayi. Analowa mwaulemu, ngati munthu wochedwa kutchalitchi, madzi ofiira odzaza mapepala a pulasitiki, zitsononkho ndi matewera. Anadutsa pansi pa tebulo n'kukakhala kumabenchi a alendo.

"Ndamva kuti mwandisintha dzina," anatero. "Palibe vuto. Ine ndingomvera nawo."

A Meya anamuuza kuti alendo saloledwa kuyankhula. Iye anati zikomo, n'kukwera pang'ono kufika m'mapazi.

Ndiye belu la nkhomaliro linalira, fungo la mpunga wa nkhuku n'kulowa pansi pa chitseko. Pamenepo ndinaona mwambo wathu uja, umene ndauona kambirimbiri ndili maso. Aliyense podzuka amavula jekete n'kulikoleka pampando, kuti azioneka ngati wangotuluka pang'ono. Mbuzi zinavula, abakha anavula, aliyense akuti, "Ndikubwera, ndikubwera." Pakhomo panamveka galimoto zikulira imodziimodzi. Majekete anatsala atakhala mwaulemu, manja ali lende. Lina linatembenukira kwa linzake n'kufunsa kuti, "Wako amabwerera?" Linzakelo linati, "Amatuma dalaivala kudzanditenga madzulo."

Bilimankhwe anatsika pampando wake n'kuyamba kuzungulira tebulo, mwendo umodzi kutsogolo, kuganiza kaye, kenako wina. Ankagwira mpando uliwonse ndi chikhatho. Wofunda ankauwerenga, wozizira ankaudumpha. Anapeza khumi ndi itatu. Wanga unali womaliza.

"Nambala yakwana ndendende," anatero. "Wina akangodzuka, msonkhano watha. Mfundo yachisanu ndi chinayi, mlatho wa pa Namisu. Ovomereza akweze dzanja lamanja."

Ndinati lero ndi lero. Ndiye ndikuti ndikweze dzanja, palibe. Mkono wa suti uli lende ngati wa majekete aja. Ndinayang'ana pansi pa tebulo, m'chikwama, m'madzi, osalipeza. Kenako ndinamva kulira kwa makina, tatatata, kulira kumene ndingakuzindikire ngakhale pakati pa makina zana. Kuyang'ana pazenera, ndikuona shopu ino, ngati ili kuseri kwa khoma chabe. Dzanja langa lili pamakina awo ali apowo, lokha, likusoka diresi laukwati. Diresilo linali lalitali, lotuluka pakhomo, kutsetsereka msewu wonse mpaka kumtsinje.

"Ndikatenge dzanja langa," ndinatero. "Mphindi zisanu zokha, ndikubwera."

Ndikuti ndidzuke, mpando unandigwira m'chiuno.

"Mayi, musatero," unatero mpandowo. Mawu ake anali otopa, opanda ukali. "Chaka chatha munanenanso zomwezo. Munandisiyira mpango wanu wachikasu. Ndinayesetsa kusunga kutentha kwanu, koma ine ndine thabwa. Pofika hafu pasiti thu ndinali nditazizira."

A Dorofe, apa ndiime kaye, chifukwa mpandowo sunaname. Izi si maloto. Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, tsiku la voti ya mlatho, ine ndinatuluka nthawi ya nkhomaliro. Mwana wa a Gwedeza, kasitomala wanga, ankakwatiwa Loweruka, ndipo anandiimbira kuti diresi likumuthina m'chifuwa. Ndinawerengera kuti mfundo yachisanu ndi chinayi singafike isanakwane fili koloko. Ndinakoleka mpango pampando n'kuthamangira kuno. Mayi a Tiyanjane, munandiona, munandithandiza kumasula msoko. Nditabwerera ndinapeza chipinda chokhoma, mpango wanga uli kwa mlonda. Anatsala anthu khumi ndi awiri. Anapereweza mmodzi, ndipo mmodziyo ndinali ine, khansala wa dera lomwelo. Ndalama ya mlatho inalipo, koma voti italephereka anaipititsa ku zina. Ine ndinabwera kuno n'kukuuzani nonse kuti khonsolo yakana, akuti ndalama kulibe. Ndinanenanso bodza lomwelo pamaliro a Eneresi mu Febuluwale, nditagwira maikolofoni, inu mutakhala pamphasa patsogolo panga. Chichokereni tsiku limenelo sindinagonepo tulo tamtendere, ndipo manyazi amene ndili nawo sindingathe kuwafotokoza.

Musayankhe panopa. Mundilole ndimalize, kenako munene zonse zimene mukufuna, ndizimva.

Ndiye ndakhala pampando paja, kudzuka sindingadzuke, dzanja ndilibe. Madzi afika m'mawondo. Nkhukutembo ikuyang'ana wotchi, kanyundo kali m'mwamba. Mwadzidzidzi patapata analumpha m'chikwama, n'kugwera m'madzi, n'kuyamba kusambira kulowera kukhomo ngati kagalu koona mbuye wake.

Eneresi analowa. Anali ndi dengu lake la tomato pamutu, phazi limodzi lopanda kanthu. M'chiuno anamanga nsalu ya kampeni ija, ya nkhope yanga, yomwe ija tinamuzindikirira atavuulidwa. Nkhope yanga pansaluyo inali itatsinzina. Anavala patapata wake osawerama, n'kutula dengu patebulo la khonsolo, pamwamba pa mapepala a bajeti. Sanaoneke wokwiya. Anaoneka ngati mmene ankaonekera pobwera ku kwaya Lachinayi, atatopa ndi msika.

"A Lesi," anatero, "mwaswera?"

"Ndaswera, Eneresi."

"Ndimati ndidzafunse. Akuti ndalama kunalibe?"

Ndinafuna kuyang'ana kumbali, koma khosi linakana. Ndinati, "Inalipo. Ndine ndinachoka. Ndinapita kukakonza diresi."

Anachotsa kaudzu m'tsitsi.

"Ndiye linatha diresilo?"

"Linatha."

"Linamukhala?"

"Linamukhala bwino."

"Basi," anatero. "Bola china chinatheka."

Abale anga, kukanakhala bwino akananditukwana. Ndinalira m'malotomo ngati mwana, misozi ikugwera m'madzi, Namisu n'kumakwererakwerera.

Bilimankhwe anakhosomola. Thupi lake linali litasanduka lofiira ngati madziwo. "Pepani mayi," anauza Eneresi, "malamulo a nyumba ino salola omwalira kuvota."

"Sindinabwere kudzavota, bambo," anayankha. "Ine ndinavota kale. Ndangobwera kudzabwereketsa chinthu."

Ndiye anagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere, n'kulizula paphewa mosavuta, ngati akuthyola chimanga. Magazi sanatuluke. Analiika pamiyendo panga. Linali lozizira, lonyowa, lonunkhira masamba a tomato. Pachala chake panali inki ija amatipaka tsiku la chisankho, ikadali yakuda bii, ngati wangochokera kumene pamzere.

"Tengani langali," anatero. "Ine sindikuligwiritsa ntchito."

"Likhala bwanji, Eneresi?"

"Inu si telala?"

Ulusi uja unatuluka m'kamwa mwanga unali ukadali pachala. Eneresi anazula singano pakolala ya suti yanga, n'kulowetsa ulusi ndi mano. Ndinayamba kusoka ndi dzanja lamanzere. Pa zaka makumi atatu ndakhala ndikusoka sindinasokepo msoko wokhota ngati umenewo, koma unagwira. Nkhukutembo inafunsa ngati zimenezi zili m'malamulo. Kamba anatulutsa mutu, n'kuyang'ana Eneresi nthawi yaitali, ndipo ulendo uno sanaubwezenso. Anati, "Palibe pamene analemba kuti dzanjalo likhale la ndani."

"Ovomereza," inatero nkhukutembo monyinyirika.

Ndinayamba kukweza. Mayo, kulemera kwake! Ngati ndowa yodzaza madzi. Munali kulemera kwa dengu, kwa ana ake awiri amene mukulera inu a Dorofe, kwa amayi onse amene amawoloka paja ndi ana kumsana popita kusikelo. Ndinakukuta mano. Linafika paphewa, linafika pakhutu, linapitirira mutu. Madzi ankatsika m'mkono kulowa m'khwapa. Eneresi anaima pambuyo panga n'kundigwirizira chigongono ndi dzanja lake lotsalalo.

Bilimankhwe anayamba kuwerenga. Inu, chinyama chija kuchedwa! "Mmodzi." Mwendo kutsogolo, kuganiza. "Awiri." Madzi afika m'chiuno. "Atatu." Bakha wina anaona kuti madzi akwanira kusambira, n'kuyamba kuvula jekete. Ndinamukuwira kuti, "Achimwene, chonde, khalani pansi! Ndikugwadirani, mphindi imodzi yokha!" Anandiyang'ana, anayang'ana chala cha inki chili m'mwamba, n'kubwezanso jekete. "Asanu ndi awiri." Mapepala a bajeti akuyandama. Tomato akugubuduka m'dengu mmodzimmodzi, kuzungulira tebulo, aliyense kukaima patsogolo pa khansala wake.

"Musatsitse, a Lesi," anatero Eneresi kukhutu kwanga. "Ngakhale liwawe."

"Sinditsitsa."

"Ndipo mukawauze achemwali anga zoona. Asamatukwane khonsolo yonse, akutha mawu pachabe."

N'chifukwa chake ndakuitanani. Makiyi a shopu ndi awa, mayi a Tiyanjane, wina akabwera ndi chomuthina mumuuze kuti telala kulibe. M'chikwamamu ndaikamo mbatata yanga yophika, sindikatuluka ngakhale kukasamba m'manja. Ndipo a Dorofe, ngati mtima wanu ungalole, tipitire limodzi mukakhale kumabenchi a alendo, pamene aliyense wokoleka jekete adzayenera kudutsa pamaso panu. Mukakana kuyenda ndi ine, sindikudandaulani.

Ndiye m'malotomo kuwerenga kunapitirira. "Khumi." Madzi m'chifuwa. "Khumi ndi mmodzi." Msoko unayamba kuthetheka paphewa, ulusi umodziumodzi. "Khumi ndi awiri." Bilimankhwe anafika patsogolo panga n'kuima. Diso limodzi linayang'ana dzanja, lina linayang'ana wotchi. Anatsegula pakamwa pang'onopang'ono. Koma nkhukutembo inali itayamba kale kugunda kanyundo, sindikudziwa ngati inkati yadutsa kapena nthawi yatha. Tho. Tho. Tho. Ndikukuwa kuti, "Malizani kuwerenga! Ndilipo! Ndakhala pansi!" Kanyundo kakungogunda, tho, tho, tho.

Ndinatsegula maso kunja kukuyera. Dzanja langa lamanja linali m'mwamba, zala zitakodwa mu neti ya udzudzu, lozizira, litachita dzanzi mpaka paphewa. Nambala yomaliza ija sindinaimve. Kugunda kuja kunali kukumvekabe, ndipo nditatembenuka ndinaona kuti ndi beseni lija ndimaika pakona, pamene lata linabooka. Mvula yoyamba yagwa usiku, a Dorofe, ndipo mitengo iwiri ija ikadali pomwe paja. Ndinakhala pabedi dzanja lili m'mwamba, kumvetsera madzi akudontha m'beseni, tho, tho, tho.